Madzi a M'beseni

Anandisankha chifukwa cha mimba.
A Nachisale a komiti ya sewero anati
bwanamkubwa woonda palibe angamukhulupirire.
Mkanjo anausokera pakhonde ku Kawale,
katani wakale wa kunyumba kwa abambo mfumu,
wofiira ngati matope a ku Malangalanga mvula itakata.

Masabata atatu ndakhala ndikumuphunzira munthu ameneyu.
Anabwera pachombo, atatumidwa ndi mfumu ya kutali.
Chiyankhulo cha eni dziko sanachigwire n'kamodzi komwe.
Ayuda akasala kudya, iye ankati akupangana.
Akaimba, ankawerenga mitu n'kuitanitsa asilikali ena.
Akuti usiku wina analowetsa mumzinda zifanizo za mbuye wake,
kutacha anapeza anthu ali lambalamba pabwalo,
makosi poyera, akuti dulani, koma izo zituluke.
Anazitulutsa, manyazi n'kuwasunga mumtima ngati ngongole.
Akutinso anatapa ndalama za m'kachisi
kuti akokere madzi mumzinda,
odandaula n'kukumana ndi zibonga zobisa m'malaya.

Pamenepa ndinaseka ndekha m'minibasi,
poti kwathu mpopi ukungotsokomola mpweya chiyambire Lolemba.

Lachisanu linafika, dzuwa paliwombo.
Khamu la Ayuda anali anthu a mumphakati wathu,
atakulunga mitu ndi matawulo.
Mkulu wa ansembe anali Lomosi, wowotcherera mageti ku Biwi,
ndevu za thonje zikumatuka mbali imodzi.
Ana pa mpanda anali khwekhwekhwe.

Kenako anam'bweretsa womangidwa uja,
chingwe cha khonje m'manja.
Pokonzekera ankaima pamenepo anali wina,
koma malungo anamugwetsa Lachitatu.
Uyu ndinamudziwa ndi chipsera cha pachibwano.
Chikaiko, wa kabaza.
Chaka chatha njinga yake inakwezedwa m'lole ya khonsolo pa Depoti,
ndipo pepala lolanda linadutsa patebulo langa.
Anabwera ku ofesi katatu, chipewa m'manja.
Ndinati, achimwene, zachokera kumwamba izi,
ine ndimangodinda.

Lero wangoti duu, chifukwa sewero likutero.
Akundiyang'ana, chifukwa sewero likutero.

Mawu anga anathawa.
Wonong'oneza kuseri kwa mtengo wa mango anayesa kawiri,
ine lilime gwa, ngati chikopa.
Khamu linakuwa nthawi isanakwane
ndipo ndinamva mmene anamvera mlendo uja:
kalata ikapita kwa akulu, mpando uwu apatsa wina,
sukulu fizi, lendi, ngongole ya kubanki nkhonde.
Ndinakweza dzanja, ndinaitanitsa beseni.

Anabwera nalo Esinati, kamwana ka sitandade foro.
Madziwo anaimira pamzere kukiyosiki m'mamawa,
makapu awiri, osadzaza n'pansi pomwe.
Ndinasamba pang'onopang'ono kuti a kumbuyo aone.
Utoto wa katani uja, utasungunuka ndi thukuta,
unatsikira m'zala, madzi n'kusanduka psuu.
Anthu anaomba m'manja. Anati ndatha.

Atabalalika ndinanyamula beseni kuti ndikhuthule.
A Nachisale anandigwira mkono.
Masiku ano madzi satayidwa, bambo.
Anakathirira mpiru wa azimayi kuseri kwa holo,
phata ndi phata, mpaka dontho lomaliza.

Pasaka itadutsa anandigulitsa mpukutu umodzi.
Mayi a kunyumba anauphika ndi tomato,
ana anapempha wina.
Ine ndinatafuna nthawi yaitali.

Lolemba lake, pa mlatho wa Lilongwe,
minibasi yathu itaima m'chipwirikiti,
ndinamuona akuwoloka wapansi, thumba la makala paphewa.
Anaweramira pawindo, akumwetulira bwinobwino.
Bwanamkubwa, mwadzuka?
Ndinafuna kumupatsa moni wa dzanja,
koma kondakitala anali atamenya kale chitseko.